Makasitomala akundiiwala ndalama za fodya zikafika

Wasola ku Mponela: Anzanga thandizeni, zanditopetsa. February yense ndinali pa njinga, kuchita demo, kuonetsa anthu mmene sola imagwirira ntchito, mudzi ndi mudzi kuchokera pa Mponela mpaka Madisi. Mababu ndayatsa, wailesi yalira, foni ndawatchajira, onse yankho limodzi: "dipoziti tikagulitsa fodya." Pano mabelo apita ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, ndikubwerera ndikupeza panelo ya kampani ina padenga. Ndikafunsa akuti "aa, timayesa ndinu omwe aja." Komishoni yapita choncho. Ma flyer ndinasiya ndithu. Inu mumatani?

Madala a ku Kasungu: Kalenda, mphwanga. Flyer amayatsira moto, ina amakulungira mandasi. Kalenda imakhala pakhoma chaka chonse, nambala yako ili pomwepo.

Mayi wa inshulansi, Lilongwe: Achimwene, demo munkachitira ndani? Ngati munkalankhula ndi abambo okha, mwadzipweteka nokha. Amene amavutika ndi mdima ndi amayi, pophika, ana powerenga. Ndiwo amakumbutsa ndalama isanathere pa trading. Pemphani mphindi zochepa pa banki m'khonde, amakumana sabata iliyonse, ndipo amadziwa tsiku logawana ndalama. Koma muyambe mwadutsira kwa amfumu, osangotulukira.

Wambewu, Dedza: Zoona mayi, koma samalani. Mnzathu wina ankatenga manambala a amayi n'kumaimba madzulo kukumbutsa za dipoziti. Bambo wina anamva mawu achimuna pa foni ya mkazi wake, nkhani inakafika pabwalo la mfumu, analipira nkhuku, ndipo mudzi umenewo sanapondenso. Nambala muzitenga onse awiri alipo, kuimba masana basi.

Madala a ku Kasungu: Kalenda siimba foni usiku.

Wasola ku Mponela: Madala, ndalama yosindikizira kalenda ichokera kuti? Kampani imangotipatsa T-shirt ndi ma flyer. Ndiye T-shirtiyo tonse tikuoneka ofanana, kumudzi aliyense amangoti "a sola abwera."

Wambewu, Dedza: Vuto lili pamenepo. Dzina la kampani silikuthandizani, pezani lanulanu. Ine ndimakhala pansi pa mtengo womwewo tsiku la msika uliwonse, chipewa chomwecho. Yemwe wataya nambala amadziwa kondipeza.

Ejenti wa ku Mchinji: Chinanso, musamatumize uthenga woyamba ndi "tumizani dipoziti pa Mpamba kapena Airtel Money." Anthu anabedwa kwambiri ndi aja a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", uthenga wotere amangofufuta. Ine nambala yanga ndimaisunga ndekha m'foni mwawo tsiku la demo, ndimalemba "Sola Mchinji", kenako ndimaflasha kuti aone dzina likutuluka. Ndipo musawaponye m'gulu la WhatsApp musanawapemphe, ambiri bandulo ndi yovuta, amatuluka atakwiya.

Madala a ku Kasungu: Foni imatayika, simu amasintha. Khoma silitayika.

Mayi wa inshulansi, Lilongwe: Madala, chaka chatha ndinalowa m'nyumba ina ndinapeza makalenda anayi, la tchalitchi, la feteleza, la phungu, la banki. Inshulansi anagula kwa amene anabwera pa maliro a amalume awo. Koma apanso chenjezo, pa maliro osatulutsa fomu. Wina anayesa kusiwa komwe, anthu mpaka lero amamukumbukira ndithu, koma palibe amamugula.

Ejenti wa ku Mchinji: Komanso kodi aja munawagulitsa chaka chatha mumawayendera? Batire ikafooka inu osayankha foni, mudzi wonse umadziwa. Amene wakulandani makasitomala mwina anangokonza waya pa nyumba imodzi.

Wambewu, Dedza: Nanga kwanuko komishoni amapereka pa dipoziti kapena kasitomala akamaliza kulipira? Kwathu akuti asintha mwezi wamawa.

Ejenti wa ku Mchinji: Ife theka theka, ndipo munthu akasiya kulipira amakudula.

Madala a ku Kasungu: Amene akufuna makalenda a chaka chamawa tisonkhe msanga, ikafika November osindikiza amakweza mtengo.