Munaphunzira Chijapani muli ku yunivesite? Chinakulimbikitsani n'chiyani?

Abale ndi alongo, ndithandizeni maganizo. Ndikuphunzira uinjiniya, ndipo madzulo ndikaweruka ndimadziphunzitsa Chijapani pandekha. Hiragana ndi katakana, zilembo 46 mbali iliyonse, ndinazigwira msanga. Koma kanji, zilembo za Chijapani zochokera ku Chitchaina, ndiye yandifooketsa. Zilembo zake zovomerezeka pa ntchito za tsiku ndi tsiku zilipo 2,136, ndipo chilembo chimodzi chimatha kuwerengedwa m'njira ziwiri kapena kuposerapo.

Anzanga ena anayamba chifukwa chokonda makatuni a anime, ena akulakalaka sikolashipu ya boma la Japan yotchedwa MEXT yomwe imadzera ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Ine chinandikoka ndi galimoto zakale zochokera ku Japan zomwe zadzaza m'misewu yathuyi. Umaona makaniko akungodinadina mabatani pa sikirini yolembedwa Chijapani chokhachokha, mwini galimoto ali chilili pambali. Ndimafunitsitsa nditamawerenga ndekha zimenezo, ndi kabuku kake komwe.

Kodi cholinga chotere chingamufikitse munthu pokhoza mayeso oyesa luso la Chijapani a JLPT, ngakhale a magawo oyambirira a N5 kapena N4? Inuyo chinakugwirani mtima n'chiyani pamene kanji inayamba kuvuta? Nanga wocheza naye m'Chijapani munamupeza bwanji, poti pandekha ndimangowerenga koma pakamwa sipatseguka?