"Wakutsina khutu ndi mnansi": mwambiwu ukutanthauza chiyani kwenikweni?

Mwana wa ku Namiasi

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndithandizeni. Mwambi woti "wakutsina khutu ndi mnansi" ndakhala ndikuumva chikhalire, koma lero ndikufuna ndiumvetse bwinobwino.

Pa Facebook pakuchitika mpikisano wa zithunzi wa anthu ojambula ndi mafoni, mutu wake ndi nyanja ndi anthu ake. Mchemwali wanga wamng'ono, yemwe adakali kusekondale, anatumiza chithunzi cha asodzi akukoka khoka m'mawa ku Makawa, kuno ku Mangochi. Bambo wina wojambula maukwati analemba pansi pake kuti chimenecho si chithunzi, n'kuwononga bandulo chabe, akaphunzire kaye. Anthu atawadzudzula, iwo anayankha ndi mwambi umenewu, amvekere mwana ayamike kuti watsinidwa khutu. Mwanayo wachotsa chithunzi chija, ndipo akuti zojambula wasiya.

Kodi kutsina khutu ndi kumeneku? Kapena mwambiwu uli ndi tanthauzo lina lomwe bambowa alipotoza?

Mphunzitsi wopuma wa ku Malindi

Mwana wanga, wafunsa bwino. Kutsina khutu pa Chichewa n'kuchenjeza munthu za chinthu chimene iye sakuchiona, pomwe iwe wachiona, ndipo n'kwa kumbali, osati pagulu. Ukupita kukasamba padooko mu Shire, mnzako n'kukuyimitsa panjira, n'kukuuza kuti dzulo pomwepo paoneka ng'ona. Ameneyo wakutsina khutu. Wakuuza nthawi ikadalipo, ndipo zomwe wakuuzazo ukhoza kuchitapo kanthu: ubwerere, kapena ukasambe kwina. Akanadikira kuti ugwidwe kenako n'kumauza anthu kuti unali wopusa, sitikanamutcha mnansi.

Koma pali china chomwe ambiri amachiphonya. Mwambiwu akulu amauza munthu amene wachenjezedwa, makamaka akamanyinyirika. Amakhala akumuuza kuti usamude uyu, wakuchitira zaubale. Wochenjezayo sautchula yekha podziikira kumbuyo. Ine sindinamvepo gogo akukalipira mwana kenako n'kudzitama yekha kuti ndine mnansi. Unansiwo amauona ndi ena, kapena mwini khutu mawu aja akagonera.

Ndiye funsa kuti m'mawu a bambo aja mchemwali wako watolamo chiyani choti mawa akagwira foni achite mosiyana. Ngati mulibe, khutulo silinatsinidwe ayi.

Wojambula wa pa Boma

Aphunzitsi, ndikugwirizana nanu, komabe ndiloleni nditsutseko pang'ono. Makolo sananene kuti wakusisita khutu. Ananena kuti wakutsina, ndipo kutsina kumawawa. Ine chimene chimandipweteka m'mipikisano imeneyi ndi mbali inayo. Munthu watumiza chithunzi cha dzuwa likulowa ku Cape Maclear, nyanja yapendekeka ngati madzi onse akhuthukira ku Chembe, koma pansi pake anthu ankhaninkhani akungoti "zabwino kwambiri", "mwawina kale achimwene". Tsiku la zotsatira dzina lake palibe, ndipo sadziwa chomwe chamugwetsa. Chaka chamawa abweranso ndi nyanja yopendekeka yomweyo. Oyamikirawo ambiri akungofuna kuti nawonso akawavotere. Amenewo ndi anansi?

Mayi wa ku Mpondasi

Achimwene a pa Boma, palibe akunena kuti tizinamizana. Kuwawa kuzikhalapo, koma kuzibwera ndi mankhwala ake. Inu mwatchula nyanja yopendekeka. Mukamuuza munthu kuti chithunzi chako chapendekekera kumanja, ukachiwongole, amva kuwawa pang'ono koma wapeza chochita. Bambo aja sanatchule chilichonse cha m'chithunzi. Anakamba za mwanayo, kuti sadziwa kanthu. Komanso ndi mwana wamkazi, pagulu la anthu osawadziwa. Nthawi zambiri atsikana athu kuno amachita manyazi kuonetsa ntchito zawo, ndiye wina akalimba mtima timufooketse chonchi?

Inu a ku Namiasi, tafotokozani chithunzicho chinali chotani, odziwa anenepo zenizeni.

Mwana wa ku Namiasi

Zikomo amayi. Anajambula dzuwa likungotuluka kumene, ataima kumtunda kutali ndithu, ndiye anakokera pafupi ndi zoom. Asodziwo anatuluka akuda bii, nkhope zosaoneka, kumwamba kofiira. Foni yake ndi ya Itel. Ananditumizira pa WhatsApp, ine n'kuchiika pa Facebook m'dzina lake.

Wojambula wa pa Boma

Eya, tsopano tili ndi poyambira. Chikanakhala kuti ndachiona, ndikanalemba motere.

Choyamba ndikanamuuza kuti nthawi anasankha bwino. Ambiri amajambula masana dzuwa lili paliwombo, pomwe mchenga umathobwa m'maso ndipo nkhope za anthu zimachita mithunzi pansi pa maso. Iye anadzuka m'mamawa, ndipo anasankha anthu ali pantchito, osati oima chilili kudikira kamera. Zimenezi sindikunena pomunyengerera. Wophunzira ayenera kudziwa chomwe wachita bwino kuti asachitaye pokonza zinazo.

Za kuda kwa asodzi, Makawa ali kugombe loyang'ana kum'mawa, ndiye m'mawa dzuwa limakhala patsogolo pako. Foni ikaona kuwala kochuluka choncho imadzichepetsera yokha, anthu n'kusanduka zithunzithunzi zakuda. Pamenepa sindinganene kuti walakwitsa ndisanamufunse chimene ankafuna. Ngati ankafuna mizere ya anthu akuda atawerama ndi chingwe, kumbuyo kuli kofiira, chimenecho n'chithunzi chokongola ndipo akatswiri amachifuna dala. Chongofunika n'chakuti anthuwo asaunjikane pamodzi, aliyense aoneke payekha, mikono ndi chingwe zizidziwika. Koma ngati ankafuna nkhope ndi thukuta, asunthe, dzuwa likhale chakumbali kwake kapena kumbuyo, kapena agunde pa sikirini pomwe pali munthuyo kuti foni iyeze kuwala pamenepo. Aphunzitsi kwanu ku Malindi n'zosiyana, inu mumayang'ana kumadzulo, vuto lomweli limakupezani dzuwa likamalowa.

Zoom ndiyo inamuwonongera kwambiri. Mafoni ambiri otsika mtengo alibe galasi lokokera pafupi. Amangodula pakati pa chithunzi n'kupakulitsa, n'chifukwa chake chimaoneka chambuu. Miyendo ndiyo zoom yabwino: apereke moni kwa asodziwo, apemphe, ayandikire. Apukutenso kagalasi ka kamera ndi nsalu yofewa asanajambule, chifukwa foni yokhala m'thumba imadzola mafuta a zala ndipo kuwala kwa dzuwa kumamwazika. M'makonzedwe a kamera muli timizere totchedwa grid, awiri oima ndi awiri ogona. Akatiyatsa, mzere womwe nyanja yakumana ndi thambo augoneke pa kamzere kamodzi, sudzapendekekanso.

Chomaliza chikukhudza njira yomwe chithunzi chinadutsa. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chipepuke, Facebook nayo imafinyanso. Chofinyidwa kawiri chimafika kwa oweruza chitatha mphamvu. Muzitumizirana ngati document, kapena musankhe HD yomwe WhatsApp inabweretsa mu 2023.

Mayi wa ku Mpondasi

Mwaona nokha achimwene. Mwatchula zofooka zingapo, koma palibe mwana angalire nazo zimenezi. Ndipo mwamufunsa kaye chimene ankafuna, pomwe ambiri amangoganiza kuti chosiyana ndi zomwe iwo amakonda ndiye cholakwika.

Mnyamata wa ku Namwera

Ine funso langa lili pa mawu a aphunzitsi oti kutsina khutu n'kwa kumbali. Ndiye kuti zonsezi tizilembera ku inbox basi? Chifukwa ine zambiri ndaphunzira powerenga zomwe ena akuuzidwa pagulu. Wina anajambula chipilala cha wotchi chija cha pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, chomwe chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, koma anachidula nsonga chifukwa anaima pafupi kwambiri. Munthu wina anamulembera kuti abwerere m'mbuyo, aimike foni choongoka, asiye mpata pamwamba. Tonse amene tinawerenga tinapindula. Zikanapita ku inbox akanaphunzira ndi mmodzi yekha.

Mphunzitsi wopuma wa ku Malindi

Wanena zoona mnyamata, ndipo sindikukana. Amene watumiza chithunzi kumpikisano wachiika pabwalo yekha, ndiye za chithunzicho zikhoza kukambidwa pabwalo. Za kuwala, za kupendekeka, za kudula mutu wa chipilala, zimenezo sizichotsa munthu ulemu. Kumbali kumafunika pomwe nkhani ingamuchititse manyazi mwini wake kapena kupweteka munthu wina.

Poti watchula chipilala cha wotchi, pafupi pomwepo pali mfuti ya m'sitima ya Gwendolen ya nthawi ya nkhondo ya 1914, komanso chikumbutso cha sitima ya Vipya yomwe inamira mu 1946 n'kupha anthu 145. Achinyamata ambiri amajambulitsa pamenepo atakhalira, akuseka, osawerenga zomwe zalembedwa. Wina atatumiza chithunzi chotero kumpikisano, ine sindingamunyoze pagulu. Ndingamulembere payekha kuti mwana wanga, malo waimapowo ndi okumbukira anthu omwe anathera m'nyanja, ganiza bwino za mawu omwe walemba pansi pa chithunzi chako. Iyeyo samadziwa, ine ndikudziwa, ndipo nthawi yokonza ikadalipo. Mwambi uja ukunena zoterozo.

Zazikulu kuposa apa ndi zithunzi za amayi akusamba kapena kuchapa kugombe atangomanga chitenje, ndi za ana osavala akusewera m'madzi. Kwa ife okulira kunyanja n'zozolowereka m'maso, koma pa intaneti chithunzi chimapita komwe mwini thupi sadzafikako, ndipo sichibwerera. Ukaona mnzako watumiza chotero, usayambe ndi za kuwala. Mufunse msanga ngati anapempha chilolezo, ndipo ngati sanapemphe achotse anthu asanayambe kugawana. Kuno kwathu, pakati pa Asilamu ndi Akhristu omwe, nkhani yotere ikhoza kusokoneza banja la munthu wosalakwa.

Wojambula wa pa Boma

Apo ndavomera ndi mtima wonse. Ndingowonjezera za nthawi, poti aphunzitsi aitchula kawiri. Okonza mipikisano ambiri amalandira zithunzi mpaka tsiku lotseka, kenako n'kungolengeza opambana, osanena chilichonse kwa otsalawo. Bwenzi zikuthandiza oweruza atamalemba ngakhale mizere iwiri pa chithunzi chilichonse chomwe chafika kumapeto, kunena chomwe chinawakopa ndi chomwe chinachigwetsa. Ndipo mpikisano woti wopambana ndi amene wachulukitsa ma like umayesa kuchuluka kwa abale ndi anzake a munthu, osati diso lake. Mwana wa kumudzi wopanda gulu lalikulu sangawine ngakhale atajambula nkhwazi ikuwakha nsomba ku Thumbi.

Mayi wa ku Mpondasi

Koma nawonso otsinidwa aziphunzira kumva. Ndaonapo wina akuuzidwa mwaulemu kuti wachulukitsa utoto pokonza chithunzi, nyanja yasanduka yobiriwira moti nsomba za mbuna zomwe sizingaizindikire, iye n'kuyamba kutukwana kuti ndi nsanje. Pamenepo ndi pomwe ife oonerera tiyenera kumuuza mwambiwu, monga anenera aphunzitsi.

Msodzi wa ku Msaka

Ndawerenga zonse, mundilole nane ndiponyepo, poti ojambulidwa ndife. Inu odziwa kamera mumaona kuwala, ife timaona zina. Munthu amajambula thandala la usipa n'kulemba kuti matemba. Wina amajambula chilimira n'kuchitcha khoka, chonsecho khoka timakokera kumtunda pomwe chilimira timaponya pakati pa nyanja. Tikawauza, ena amati ife za zithunzi sitidziwa. N'zoona sitidziwa, koma dzina la nsomba ndi la ukonde timalidziwa, ndipo chithunzi cha mpikisano wa nyanja chikanama dzina ndiye kuti chanamiza onse ochiona.

Achimwene a pa Boma, ndifunseko. Mwana wanga amafuna kujambula nyali zathu usiku tikamaitana usipa, koma zimangotuluka mizeremizere yogwedera. Atani?

Wojambula wa pa Boma

Madala, zikomo, ndipo za maina a maukonde muzitiuza ndithu. Za nyalizo, kukada foni imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala, ndiye dzanja likangonjenjemera pang'ono nyali iliyonse imajambula mzere. Asaigwire m'manja. Aitsamiritse pa bwato lomwe lili pamchenga kapena pamwala, atchere timer ya masekondi ochepa kuti kugunda kwa chala kusaigwedeze, ndipo flash azimitse chifukwa sifika kutali. Nthawi yabwino ndi chisisira, mabwato akungonyamuka kumene, kumwamba kusanade kwenikweni, kuti mapiri ndi madzi zizionekabe. Tsiku la mwera asavutike, mafunde amavinitsa nyali zonse. Za mwezi mukudziwa ndinu kuposa ine kuti ukawala kwambiri ndi masiku ati omwe simupita ndi nyali, ndiye mumuuze asankhe masiku a mdima.