Kodi ndimulande foni mng'ono wanga chifukwa cha zomwe anyamata akumunena pa gemu?

NaMbewe, Lizulu

Akuluakulu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake nkhaniyi ndabwera nayo kwa inu. Ine ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika wa Lizulu, ndipo chimwalirireni mayi athu ndimasunga mng'ono wanga wa zaka 17 amene ali Fomu 3. Mwanayu amakonda gemu ina yankhondo ya pafoni, imene anthu anayi amakhala gulu limodzi n'kumalankhulana ngakhale sadziwana nkhope. Sindinkaonapo vuto chifukwa amasewera Loweruka ndi Lamlungu lokha, ndipo bandulo amagula ndi ndalama imene ndimamupatsa akandithandiza kusankha mbatatesi.

Sabata yatha ndinamupeza akusewera ali duu, pamene kale ankachita phokoso nyumba yonse, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti dzina limene akugwiritsa ntchito ndi lachimuna. Atakanakana anandiululira kuti akangolankhula, anzake a m'gulumo n'kumva kuti ndi mawu a mtsikana, masewera amathera pomwepo. Ena amamuuza kuti apite akaphike nsima, ena amapempha nambala ndi zithunzi, ndipo akakana amamutukwana mawu amene sindingawalembe pamaso panu. Chimene chandisowetsa tulo ndi chakuti mmodzi mwa iwo, wolankhula Chichewa ngati ife tomwe, anamupeza pa Facebook ndi kumulembera kuti akudziwa kuti amakhala pafupi ndi msewu wa M1.

Amalume athu atamva anagamula kuti foniyo ilandidwe, akuti mwana wamkazi alibe gawo pa zamfuti. Ine mtima wanga ukukana, pakuti amene watukwanidwa ndi iye, ndiye chilango chikagwerenso iye yemweyo? Komabe ndikuopa kuti ndikamusiya, tsiku lina ndidzadziimba mlandu. Amene mukuzidziwa bwino zinthuzi, ndithandizeni nzeru.

A Nkhoma, Dedza boma

A NaMbewe, pepani ndi zimenezi. Ine ndili ndi kanyumba ka masewera a PlayStation kuno kuboma, ma TV atatu, ndipo anyamata amalipira pa gemu iliyonse ya mpira, kotero kuti zotukwana ndimazimva kuyambira m'mawa mpaka magetsi atazima. Ndinene mosabisa kuti anyamata okhaokha amanyozananso kwambiri, ndipo amene wagoletsedwa zigoli zisanu amasekedwa mpaka kukafika kwawo. Walira mvula walira matope, kotero amene walowa m'masewerawa ayenera kukhala ndi mtima wolimba, kaya ndi wamkazi kaya ndi wamwamuna.

Atsikana amene analowapo mwa ine m'zaka zisanu ndingawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Mmodzi anagonjetsa mnyamata wina amene amadzitama kwambiri, ndipo anzake onse anagwirizana kuti padi ya mnyamatayo, kachipangizo kogwira m'manja posewera, inali yowonongeka, ngakhale kuti inali yatsopano. Tonse tinaseka, mtsikanayo sanabwerenso. Malangizo anga ndi akuti foni musalande, koma mwanayo apitirize ndi dzina lachimunalo ndipo maikolofoni azizimitsa, chifukwa nzeru imeneyo waipeza yekha ndipo ikumuthandiza.

NaNgozo, Ntcheu boma

Achemwali anga a NaMbewe, ine ndimaphunzitsa makompyuta kusekondale ina kuno ku Ntcheu, ndipo magemu ndinayamba kusewera ndili kukoleji. Ndiyambe ndi a Nkhoma, amene ndikuwathokoza chifukwa cha chilungamo chawo, koma nkhani imene afotokoza yokha ikutsutsa mfundo yawo. Mnyamata amasekedwa chifukwa chakuti wagonja, ndipo mawa akapambana kusekako kumatha. Mtsikana uja ananyozedwa atapambana, ndipo mng'ono wanu akutukwanidwa asanaombe ndi chipolopolo chimodzi chomwe. Palibe luso limene angalionetse kuti chipongwecho chileke, chifukwa chimene akumuzenga nacho mlandu ndi mawu ake achikazi.

Zimenezi anthu ophunzira anaziyesa. Ofufuza awiri a ku America, Jeffrey Kuznekoff ndi Lindsey Rose, anajambula mawu ofanana ndendende, ena olankhulidwa ndi mwamuna, ena ndi mkazi, ndipo ankawaulutsa kwa anthu osawadziwa posewera gemu ya Halo 3. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2013, zinaonetsa kuti mawu achikazi ankalandira zonyoza zochuluka pafupifupi katatu kuposa achimuna. Mu 2015 Kuznekoff yemweyo pamodzi ndi Michael Kasumovic anapezanso chinthu chimene ine chimandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi: amuna amene ankanyoza kwambiri mawu achikazi anali aja amene gemu inkawavuta, pamene akatswiri ankalankhula mwaulemu. A Nkhoma akumbukire bwino kuti amene anayambitsa nkhani ya padi yowonongeka anali ndani.

Bodza la padi lija lilinso ndi mbale wake ku South Korea. Mu 2016 mtsikana wina, Kim Se-yeon, wodziwika ndi dzina loti Geguri, ankasewera gemu yankhondo yotchedwa Overwatch mwaluso kwambiri moti osewera ena aamuna ananena poyera kuti akubera pogwiritsa ntchito pulogalamu yomuthandiza kulunjika. Kampani yopanga gemuyo inamuyeretsa, komabe anachita kukasewera pamaso pa makamera, manja ake akuoneka, kuti anthu akhulupirire. Mu 2018 timu ya Shanghai Dragons inamutenga, nakhala mkazi woyamba kusewera mu Overwatch League, ligi ya akatswiri a gemuyo. Taganizirani kuti akanakhala mwana wa m'banja lanu, foni ikanalandidwa tsiku loyamba lomwelo.

Sindikufuna kukuopsezani, koma ndibwino mudziwe kumene chipongwechi chimafika chikalekereredwa. Mu 2012 mayi wina, Anita Sarkeesian, anapempha anthu pa intaneti madola 6,000 kuti apange mavidiyo ounika mmene akazi amaonetsedwera m'magemu, monga kukhala ogwidwa ukapolo odikira mwamuna wowapulumutsa. Anthu anasonkha ndalama zoposa madola 150,000, koma ena anakwiya mpaka kupanga kagemu komenya nkhope yake. Mu Ogasiti 2014 kunabuka chipwirikiti chotchedwa Gamergate, chimene chinayamba ndi nkhani zoneneza Zoë Quinn, wopanga magemu, zolembedwa ndi bwenzi lake lakale. Anthu anafalitsa malo okhala a Quinn ndi a mayi winanso wopanga magemu, Brianna Wu, ndi kuwaopseza kuti awagwiririra ndi kuwapha, mpaka onse awiri anathawa m'nyumba zawo. Mu Okutobala chaka chomwecho Sarkeesian analephera kukalankhula ku Utah State University wina ataopseza kuti adzaombera anthu pamsonkhanowo. Mukaona bwino, njira yake ndi imodzi: zimayamba ndi nthabwala za kukhitchini, kenako wina amafufuza kumene munthuyo amakhala. N'chifukwa chake uthenga wotchula msewu wa M1 uja ndikuuona mosiyana ndi zina zonsezo.

Ndipo matendawa sali mwa osewera okha. Kampani ya Riot Games, imene inapanga League of Legends ndi Valorant, inavomera mu Disembala 2021 kulipira madola 100 miliyoni pothetsa mlandu wa tsankho ndi nkhanza kwa akazi ogwira ntchito kumeneko, ndipo mu Julayi chaka chomwecho nthambi ya boma la California inasumira Activision Blizzard, eni ake a Call of Duty, pa nkhani zofanana nazo. Chonsecho ku America pafupifupi theka la anthu osewera magemu ndi akazi, ndipo akazi analipo kuyambira pachiyambi, monga Carol Shaw amene anapanga River Raid mu 1982. Amene amati magemu ndi bwalo la amuna amatero chifukwa akazi ambiri ali momwemo koma abisala, monga wachitira mng'ono wanu.

Apa ndiye pamene ndikusiyana ndi malangizo ozimitsa maikolofoni. Sindikumuimba mlandu mwanayo, ngakhale ine ndinachitapo chimodzimodzi kwa chaka chathunthu. Koma m'gemu ya gulu, amene salankhula sangachenjeze anzake kuti mdani ali kuti, motero amasewera moperewera, ndipo akagonja anyamata omwewo amati taonani, akazi satha. Kubisala kumateteza lero, koma kumamudyera luso lake.

A Jere, Bembeke

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo magemu a pafoni sindiwadziwa, koma zimene alemba a NaNgozo zandikumbutsa bawo. Pa ubwana wathu bawo inkaseweredwa ndi abambo pansi pa mtengo, atsikana ali ku phada ndi fulaye, ndipo panalibe lamulo lolembedwa loletsa mkazi kukhala pabawo. Chimene chinkamuletsa chinali kuseka kwa anthu, komanso ntchito, pakuti nthawi imene ife tinkatakata njombwa iye anali kumtondo kapena kuchitsime. Mayi anga aang'ono ankatha kuwerengera bawo mumtima ataimirira chapatali ndi mtsuko pamutu, ndipo ankanong'oneza amuna awo pobwerera kunyumba kuti analakwitsa pati, koma sanakhalepo pampando umenewo mpaka kumwalira kwawo.

Mpira wamiyendo unalinso chimodzimodzi. Mtsikana wothamangira chikopa ankatchedwa mayina, ndipo tinkati gawo lake ndi netibo basi. Lero aliyense akutchula Tabitha ndi Temwa Chawinga monyadira, Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1, ndipo Temwa anagoletsa zigoli 20 m'ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Mdzukulu wanga akundiuza kuti ngakhale gemu ya mpira imene a Nkhoma amadyerapo inayamba kukhala ndi matimu a akazi mu 2015, m'gemu ya FIFA 16. Amalumewo ndi munthu wamkulu ndipo akuchita zimenezi chifukwa chodera nkhawa mwana wa mlongo wawo, choncho musawayankhe mwachipongwe. Koma muwafunse modekha ngati anyamata a m'banjamo nawonso alandidwa mafoni. Nkhawa yanga ine ndi ya sukulu yokha, poti chaka chamawa alemba mayeso a MSCE, ndipo imeneyo ikanakhalapo ngakhale akanakhala mnyamata.

NaPhiri, Golomoti

Ndingowonjezera za uthenga wa pa Facebook uja. Dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kuzunza, kuopseza kapena kulondalonda munthu kudzera pa intaneti, komanso la Gender Equality Act la 2013 loletsa nkhanza zokhudza kugonana. Popeza mwanayo sanakwanitse zaka 18, malamulo amamuona ngati mwana, ndipo wamkulu wopempha zithunzi kwa iye ali pa mlandu waukulu. Musafufute kalikonse. Jambulani mauthengawo mooneka dzina la munthuyo ndi tsiku, kenako mumubuloke, mupereke dandaulo m'gemu momwemo, ndipo mupite nawo kupolisi ku Victim Support Unit. Muonenso tsamba lake la Facebook, muchotse dzina la sukulu ndi zithunzi zoonetsa pakhomo, ndipo dzina la pagemu lisafanane ndi la patsambalo.

A Nkhoma, Dedza boma

A NaNgozo, mwandigwira pakamwa. Ndakhala ndikukumbukira tsiku lija, ndipo zoonadi amene anayamba kunena za padi anali mnyamata amene sapambana kawirikawiri, ndipo ine mwini malo, amene ndinagula padiyo ndi ndalama zanga, ndinadziwa kuti ndi bodza koma sindinatsutse. Sindikulonjeza kuti ndingasinthe pakamwa pa anyamata a tauni yonse, ndipo ndikuonabe kuti kunyozana pang'ono ndi mchere wa masewera. Koma wotukwana kasitomala mnzake chifukwa ndi wamkazi ndikhoza kumutulutsa, monga ndimatulutsira obwera ataledzera.

NaMbewe, Lizulu

Zikomo nonse. Dzulo madzulo tinakhala pansi ndi mng'ono wanga, tinajambula mauthenga onse asanu ndi awiri, ndipo Lachiwiri ndisiya mnzanga pabenchi kuti tipite kupolisi. Dzina la sukulu talichotsa pa Facebook. Amalume sindinawauzebe maganizo anga, ndikudikira kuti abwere kudzatenga mbewu ya mbatatesi kuti tikambirane pamaso, ndipo funso la a Jere lija ndalisunga.

Chimene sindinayembekezere ndi chakuti mwanayo akudziwa atsikana ena atatu, awiri a ku Mlangeni ndi mmodzi wa ku Tsangano, amene amasewera gemu yomweyo ndi mayina achimuna, ndipo anadziwana chifukwa aliyense ankakhala chete m'gulu mpaka anayamba kukayikirana. Akuti anayiwo akwana gulu lathunthu, ndipo Loweruka likubwerali akufuna kusewera limodzi atayatsa maikolofoni. A NaNgozo, wandituma kuti ndikufunseni ngati mungalole kulowa m'malo mwa mmodzi wa iwo tsiku limene bandulo yamuthera.