Galu wanga akutha tinyama ta pakhomo, thandizeni

Moni nonse abale anga kuno ku Harare. Ndili ndi galu, Jack Russell wa zaka 2, timakhala ku Hatfield, koma eee akutha tinyama ta pakhomo. Abuluzi, anamzikambe, njiwa zikangotera pa kapinga iye ali pomwepo, ndiye mvula yayambayi walowerera achule, dzulo waluma mmodzi mpaka thovu kukamwa ndinaopa zedi. Ndinayesa kumumanga pa tcheni amangolira usiku onse maneba kudandaula, ndimayenda naye m'mawa uliwonse kuti atope, ndinamuvekanso kabelu m'khosi koma abuluzi akuwagwirabe. Kumumenya ayi sindikufuna. Ndikudziwa mtunduwu ndi wosaka koma nkhawa yanga ndi tsiku lomwe adzakumane ndi njoka. Alipo anaphunzitsapo galu otere kuti azisiya akamuitana? Munayamba bwanji?