Za katsabola uja kunyumba kwathu, mmene zinathera

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa mmene ndingatetezere ana enawa, mwana wanga wamkulu atadwala katsabola. Ndinatsatira malangizo a mayi aja amene anati ndimupatulire zake zonse: thaulo, bulangete, kapu, mbale ndi sipuni. Zovala zake ndinkachapa pazokha ndi sopo n'kuyanika padzuwa, ndipo chitenje chomwe ndinkamufunditsa sindinaberekerenso khanda.

Komabe mng'ono wake anadwala patatha milungu iwiri. Zinandipweteka mtima. Anamwino anandiuza kuti katsabola amafalikiranso mumpweya, ndipo wodwala amayamba kupatsira ena tsiku limodzi kapena awiri matuza asanatuluke. Poti awiriwa amagona mphasa imodzi, anali atatengera kale ife tisanadziwe n'komwe. Khanda lokha silinadwale, ndikuthokoza Mulungu.

Kwa amene zakugwerani, kupatula ziwiya kumathandiza, koma wodwala agone payekha ndipo mawindo akhale otsegula. Enawo muziwayang'anira mpaka masiku 21. Mlamu wanga woyembekezera ndinamuletsa kubwera mpaka matuza onse atauma nkhanambo, chifukwa nthendayi ndi yoopsa kwa apakati. Pa kutentha thupi perekani Panado, osati asipulini, ndipo muwenge zikhadabo za mwanayo kuti asadzikande mpaka zilonda.