Kodi kachitsulo koika m'khutu kangabwezeretse kumva pambuyo pa mafinya?

Kholo la ku Mulanje:
Moni nonse. Mwana wanga wamkazi wa zaka 19 wakhala akutuluka mafinya m'khutu lakumanja kuyambira ali wamng'ono, ndipo ngakhale mafinyawo analeka chaka chatha, khutulo silikumvabe bwino. Dokotala anati nembanemba ya khutu inabooka ndipo kafupa kena ka m'kati kanadyeka, kenako anatchula za kachitsulo koika pa opaleshoni. Kodi kachitsuloka ndi cochlear implant imene timaimva ija?

Namwino wopuma ntchito:
Ayi bambo, zinthuzi n'zosiyana. Kuseri kwa nembanemba kuli tifupa titatu, malleus, incus ndi stapes, tomwe timalandira kunjenjemera kwa mawu n'kukupititsa ku khutu la m'kati, ndipo mafinya akakhalitsa, kafupa kamene kamayamba kudyeka kawirikawiri ndi incus. Madokotala amalumikiza mpata wotsalawo ndi kachitsulo ka titanium, kotalika mamilimita ochepa chabe. Ngati stapes yatsala yathunthu amaika kotchedwa PORP, koma ngati kumtunda kwake kunadyekanso amaika TORP, komwe kamakhazikika pa tsinde la kafupako, ndipo nembanemba yobookayo amaigamba ndi kanyama kotengedwa pafupi ndi khutu lomwelo. Cochlear implant ndi kachipangizo ka magetsi kothandiza kumva, ka munthu amene khutu la m'kati ndi lomwe linawonongeka. Chimene ine ndingaumirire n'chakuti dokotala aonetsetse kuti mulibe cholesteatoma, chotupa cha khungu chomwe chimadya fupa mwakachetechete, pakuti chikasiyidwamo chimawononganso zonse zimene zakonzedwa.

Wa ku Johannesburg:
Ine khutu langa linakana kuuma ngakhale ndinachitidwa opaleshoni kawiri, choncho anandiika BAHA, kachitsulo kobzala pa fupa la kuseri kwa khutu, komwe kamatumiza mawu kudzera m'chigaza osadutsa pamalo odwalapo. Njirayi inayamba mu 1977 ku Gothenburg m'dziko la Sweden ndi dokotala Anders Tjellström. Ndimamva bwino ndithu, kungoti khungu lozungulira kachitsuloko limafuna kutsuka tsiku lililonse.

Kholo la ku Mulanje:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga tiyambire pati?

Namwino wopuma ntchito:
Pemphani kalata yokutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli madokotala a makutu, mphuno ndi mmero, kuti akamuyeze kamvedwe ka makutu onse awiri. Podikira tsikulo, mwanayo asalowetse madzi m'khutu posamba.