Ana a Aka akutisowa chiponde chisanathe ntchito, tipange bwanji?

Kilinikala wa ku Likouala:
Akuluakulu, ndiponyereni nzeru. Paja ndili kumpoto kwa Congo-Brazzaville, chigawo cha Likouala, cha ku Enyellé. Timayenda ndi chipatala pa bwato la injini mumtsinje wa Ibenga, kwina timatsika n'kulowa wapansi. Ambiri omwe timawaona ndi anthu a mtundu wa Aka, eni nkhalango. Vuto langa ndi ana onyentchera. Timawayeza mkono, lamba woyezera kunenepa kwa mkono (MUAC) akagwa pofiira timawalemba, timawapatsa amoxicillin ndi chiponde cha milungu iwiri. Tikabwerera timapeza msasa uli pululu, banja lonse lalowa m'nkhalango kukafula uchi kapena kukasaka ndi maukonde. Amene tawapeza, mwana sanasunthe pa sikelo, mapaketi anatha pa masiku atatu chifukwa msasa wonse unalawako. Lipoti langa ladzaza ndi ana othawa chithandizo ndipo abwana ayamba kundifunsa.

HSA wopuma, Dowa:
Achimwene, zogawana chiponde si zachilendo. Ife pano pomwe chithandizo chapakhomochi chinkayamba mu 2002 tinalimbana nazo. Tinkangobwereza kwa amayi kuti chiponde ndi mankhwala, si ndiwo ya banja. Mfumu ikalankhulapo pamsonkhano zinkasintha. Pitani kwa mfumu yawo.

Kilinikala wa ku Likouala:
Madala, mfumu yake ndiye palibe. A Aka alibe munthu amene amalamula anzake monga gulupu kwathu. Mfumu ilipo ndi ya mudzi wa alimi oyandikana nawo, ndipo pamenepo pali nkhani ina. Alimi ena amawatenga a Aka ngati antchito awo obadwa nawo. Tikagawira pabwalo la mfumuyo, madzulo ndimaona mapaketi athu ali ndi ana a alimi, ena pa tebulo la wogulitsa sopo ndi mchere. Zoti ndi mankhwala ndanena mpaka mawu kusasa.

Mayi wa zakadyedwe, Lilongwe:
Bambo a ku Dowa mundikhululukire, pano nditsutsana nanu pang'ono. Uthenga uja unagwira kwathu chifukwa mayi wa ku Dowa ali ndi nyumba yotseka, akhoza kubisa paketi mu sutikesi. Kwa anthu osaka ndi kutola, chakudya chikaoneka pamsasa aliyense ali ndi ufulu wopempha, ndipo wokaniza ndiye wolakwa. Ndi mmene akhalira ndi moyo m'nkhalangomo, lero wapha uyu, mawa wapha wina. Mukamuuza mayi kuti adyetse mwana mmodzi ena akuyang'ana, mukumutuma kuti ayambane ndi anthu amene adzamudyetse mwezi wamawa. Sangakumvereni, ndipo ine ndikanakhala iyeyo sindikanakumverani.

Choncho lekani kulimbana ndi kugawanako, kuwerengereni mu bajeti. Mwana akalembedwa, banja lipite ndi china choti msasa udye, kaya ufa wa phala wonga Likuni Phala, kaya mafuta ndi mtedza, malinga ndi zomwe nkhokwe yanu ili nazo. Mphika wa onse ukakhala pamoto, kapaketi kofiira kamafika kwa mwini wake. Koma muyambe mwawafunsa chomwe angaphike. Anthu ozolowera chinangwa, mpama, masamba a m'nkhalango otchedwa koko ndi nyama, mukawapatsa nyemba zofuna maola pamoto azikasinthanitsa ndi fodya.

Chachiwiri, mawu akuti wothawa chithandizo. Sanathawe, apita kukadya. Cha m'ma Ogasiti mphalabungu zikagwa mwanayo mwina amadya bwino kuposa ali m'mbali mwa msewu momwe makolo ake amalipidwa chinangwa ndi kachasu akalima m'munda mwa eni. Kalendala yolakwika ndi yanu.

Wa katundu, Juba:
Mayi anena zoona, ine ndingowonjezera masamu. Paketi imodzi ndi magalamu 92, mphamvu yake 500 kcal. Katoni imakhala ndi mapaketi 150, pafupifupi makilo 14. Pa njira yofupikitsa kaperekedwe ka chiponde yomwe anaiyesa ku Kenya ndi kuno ku South Sudan, ya ComPAS, mwana wa mkono wosafika 11.5 cm amadya awiri patsiku, wa pakati pa 11.5 ndi 12.5 amadya imodzi. Ndiye wofiira pa milungu inayi ndi mapaketi 56, makilo 5 ndi pang'ono. Zimenezo zikwana mu dengu lomwe mayi amabereka kumsana. Apatseni za mwezi akamalowa m'nkhalango. Mafuta a bwato mupulumutsanso. Chinyezi chokha musamale, makatoni amafewa, ikani m'zidebe zotseka.

Namwino wa ku NRU, Zomba:
Imani kaye abale, ine ndili ku NRU, wodi ya ana onyentchera. Za mwezi wathunthu si za mwana aliyense. Wotupikana kwambiri, wokana kudya mukamuyesa chiponde pamaso panu, wopuma mothamanga, wofooka ndi malungo, wosakwana miyezi 6, ameneyo ndi wogona kuchipatala pa mkaka wamankhwala wa F-75. Mukamupatsa mapaketi 56 n'kumutsanzika mwamuperekeza kumanda. Ndipo musasinthe ndondomeko panokha, a zaumoyo a boma la kumeneko asainire. Nthawi ya Covid mu 2020 mayiko ambiri analola kugawa za mwezi komanso kuti amayi aziyeza okha ana, muyambire pamenepo powapempha.

Kilinikala wa ku Likouala:
Asisita, ogonekawo ndiye mutu wina. Mayi wa Chiaka ukamusiya yekha mu wodi, usiku wachiwiri wanyamuka. Amayi anzake amamusala, ena safuna kumwera naye kapu imodzi. Lamulo la 2011 la dziko lino limaletsa ngakhale kuwatchula dzina lachipongwe lija la "pygmée", koma mu wodi lamulo silifikamo.

Namwino wa ku NRU, Zomba:
Ndiye musamutenge yekha. Bambo abwere, agogo abwere, wakhanda abwere. Mangani chisakasa kuseri kwa wodi, pakhale nkhuni ndi mphika wawo, monga khitchini ya magadiyani kwathu kuno. Kudyetsa anthu anayi sabata imodzi n'kotchipa kuposa ulendo wa bwato wokasaka mwana yemwe wathawitsidwa kapaipi kodyetsera kali m'mphuno.

Mayi wa zakadyedwe, Lilongwe:
Ndiponso womasulira wanu ndi ndani? Ngati ndi mwana wa alimi aja womasulira kuchokera ku chiyankhulo cha Lingala, mayi sanganene pamaso pake kuti mapaketi analandidwa. Pezani a Aka eni ake, makamaka amayi aakulu, muwaphunzitse lamba ndi kudina phazi kuona kutupa. Kuwerenga sikufunika, mitundu itatu basi. Kugawa kuchitikire pamsasa pawo, ndipo mudule kangodya ka paketi yoyamba mwana adyere pomwepo. Ana a alimi nawonso muwayeze tsiku lomwelo kumudzi kwawo, onyentchera alembedwe, nsanje ichepe.

Dokotala, Manchester:
Ndadutsa mochedwa. Kangachepe kokha: poti mukhala mwezi osawaona, malizani zonse tsiku lomwelo. Kuyeza malungo ndi mRDT ndi kupereka LA, albendazole, vitamini A, katemera wa chikuku. Zilonda zapakhungu za matenda a yaws zilipo kumeneko, bungwe la madokotala la MSF linachita kampeni ya azithromycin pakati pa a Aka dera lomwelo mu 2012, ndi 30 mg pa kilo kamodzi kokha. Koma mukaona mphere musathamangire ivermectin. Nkhalango imeneyo ndi ya nyongolotsi za Loa loa, munthu wa nyongolotsi zambiri m'magazi akamwa ivermectin akhoza kukomoka osadzukanso. Pakani benzyl benzoate kapena permethrin.

Kilinikala wa ku Likouala:
Adokotala mwandikumbutsa, ivermectin tinamutsekera kale m'kabati. Mawa ndikhala pansi ndi amayi a misasa iwiri yapafupi, tijambule pansi miyezi yomwe amalowa ndi kutuluka, ndi mitsinje yomwe amamangako misasa, kuti bwato lizikawadikira kumeneko. Kalata yopempha za mwezi ndilemba usiku uno, ogonekedwa ndawachotsamo monga anenera asisita. A ku Juba, zidebe zanuzo ndi za malita angati, ndipo chimodzi chimalowa mapaketi angati?

Wa katundu, Juba:
Za malita 20 zokhala ndi chivundikiro chomata. Thirani katoni imodzi muone pomwe ifike, mapaketi amasiyana kafufumidwe. Lembani dzina la msasa pachidebe, osati pachivundikiro, zivundikiro zimasinthana m'bwato.